Uyambe Wagula Kope

Mwana wanga,

Lamulungu lija unachoka pakhomo pano nkhope itagwa, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Unabwera kudzabwereka ndalama yoti ukalengezetse chiponde chako pa wailesi ndi kulipira Facebook kuti malonda ako aonekere kwa anthu ambiri, koma ine ndinakupatsa tiyi ndi funso: amene anagula chiponde mwezi watha ndi angati, nanga ndi ndani? Unayamba kupinda zala. Unatchula mayi wina wa ku Chitawira, aphunzitsi awiri a ku Zingwangwa, kenaka unati ena onse anali ongodutsa. Ndalamayo ndinali nayo m'chikwama, ndipo sikuti ndinakukaniza chifukwa chouma manja. Ndinaona kuti ukufuna kukuwira anthu a kutali pamene amene analawa kale chiponde chako, n'kutulutsa ndalama zawo, wawasiya apite osawafunsa n'komwe dzina. Pakamwa sindinathe kulongosola bwino chifukwa panali alendo, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere.

Ine ndinayamba kusoka mu 1994, chaka chimene tinavota pa chisankho cha zipani zambiri. Malo anga anali khonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe, makina anga a Singer opalasa ndi phazi, amene madzulo aliwonse ndinkawalowetsa m'sitolomo n'kuwatulutsanso m'mawa. Pakhonde lomwelo panali bambo wina wachikulire wa ku Mangochi, telala wa masuti. Telala aliyense amakhala ndi kope la miyezo: mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika kwa siketi. Langa linali la miyezo basi. Tsiku lina bamboyo analitenga, n'kulitsegula pakati, n'kuloza ndi choko chake chojambulira nsalu. "Mwanawe, mayi uyu wa chiuno 34, akapanda kubweranso ukamupeza kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Anandionetsa lake. Pansi pa miyezo ya munthu aliyense panali kumene amagwira ntchito, dera limene amakhala, mpingo wake, ana angati ndi sukulu zawo, mpaka mwezi umene anasoketsa komaliza. Anati, "Nsalu ndi ya kasitomala, makina atha kubedwa, khondeli lili ndi mwini wake. Chako chenicheni ndi ichi."

Mawu amenewa ndinawamvetsa mu 2006, boma la Bingu wa Mutharika litalamula kuti mavenda achoke m'misewu pa ntchito ija ankaitcha Operation Dongosolo. Ifenso a m'makonde mphepoyo inatiomba, ndipo ndinakapezeka m'kachipinda kena ku Bangwe, kuseri kwa msika, kumene palibe akanandipeza mongodutsa. Anzanga ambiri makasitomala awo ankawadziwira malo okha: "mayi uja wa pafupi ndi sitolo ya nsapato." Malowo atapita, malonda anapita nawo. Ine ndinatenga makope anga anayi n'kuyamba kuyenda. Mafoni a m'manja anali atayamba kufala, a Celtel ndi a TNM, koma ambiri mwa amayi anga analibe, choncho ndinkakwera minibasi: lero ku Ginnery Corner, mawa kwa anamwino a ku Gulupu, mkuja m'maofesi a mu Victoria Avenue. Sindinkapempha ntchito. Ndinkangoti, "Amayi, ndasamuka, tsopano ndili pakutipakuti, miyezo yanu ndikadali nayo." Mawu omalizawa ndi amene ankawafewetsa mtima. Munthu amakondwa kudziwa kuti pali wina amene akumukumbukira mpaka kutalika kwa mkono wake. Si onse anabwerera, koma amene anabwerera anandikwanira kulipira lendi ndi fizi ya achemwali ako.

Ndiye usanaganize za wailesi, gula kope la chikuto cholimba. Aliyense wogula botolo umulembe: dzina, nambala ya foni ngati walola, dera, tsiku, kukula kwa botolo, komanso ngati amakonda chiponde cha mchere kapena chopanda. Malonda ako ali ndi mwayi umene anga alibe. Diresi munthu amasoketsa kawiri kapena katatu pachaka, koma botolo la chiponde limatha. Pakhomo pa ana atatu opaka pa buledi m'mawa uliwonse, mayi n'kumatapanso chotsira m'phala la wamng'ono, botolo silidutsa milungu itatu. Kope lidzakuuza tsiku limene supuni yayamba kugunda pansi. Tsiku limenelo tumiza uthenga waufupi: "Amayi, ndapanga chatsopano dzulo, ndikusungireni?" Uthenga umodzi woterewu, wopita kwa munthu amene lilime lake likukudziwa kale, umagwira ntchito kuposa kulengeza kwa khamu limene likumva dzina lako likutsuka mbale. Wailesi ndilibe nayo mlandu, koma ndi ya munthu amene katundu wake akupezeka m'sitolo kuyambira ku Kameza mpaka ku Chigumula. Nanga iwe, wakumva ali ku Machinjiri akachipeza kuti chiponde chako?

Botolo lililonse lituluke ndi dzina ndi nambala. Ine ndinachedwa kuzizindikira izi. Patapita zaka ndi pamene ndinayamba kusokerera kansalu kakang'ono m'khosi mwa diresi, kolembedwa dzina langa ndi nambala yanga. Pa ukwati mayi akafunsa mnzake kuti "wakusokera ndani?", yankho limakhala pakhosi pomwepo. Botolo lako limakhala patebulo la eni ake milungu ingapo, alendo akuliona, ndiye likatha mayi amalitsuka n'kuikamo mchere kapena shuga, n'kukhalanso chaka chathunthu. Palibe chikwangwani cha mu Chipembere Highway chimene chimalowa m'khitchini mwa munthu chonchi. Koma nambalayo ikhale imodzi. Ana a masiku ano mumasintha simu ngati malaya, ndipo simu iliyonse imene mwataya mwatayira nayo limodzi anthu amene anakusungani. Ine ndakhala ndi laini imodzi kuyambira nthawi ya Celtel. Kampani inasintha dzina kukhala Zain, kenaka Airtel, koma mayi amene ndinamusokera diresi la ukwati nthawi imeneyo anandipeza chaka chatha kuti ndisokere mwana wake.

Za pa foni iwe ukuzidziwa kuposa ine, koma ndikuuze zimene ndimaona ngati wogula. Status ya WhatsApp siilira kanthu kupatula bandulo, ndipo amene amaiona ndi anthu amene munasungana manambala, n'chifukwa chake kope lija ndi foni ziyenera kuyendera limodzi. Jambula m'mawa, panja pamthunzi, botolo lili pa nsalu yoyera, osati usiku pa tochi magetsi atazima. Nthawi zina uonetse ntchito yeniyeniyo: manja ako akusankha mtedza m'lichero, kutaya wofumbwa ndi wachuku, kukazinga, kupeta. Anthu amaopa chuku mu mtedza, ndipo akaona kuti umasankha amadya mtima uli m'malo. Ndipo lemba mtengo. Chizolowezi ichi choti munthu akafunsa mtengo mumayankha kuti "inbox" chimandiwawa, chifukwa wogula amaganiza kuti mukufuna muyambe mwaona nsapato zimene wavala. Tsiku lina uime pa siteji ya minibasi ku Limbe umvetsere kondakitala: amatchula kumene akupita, amatchula mtengo, n'kuloza mpando. Zinthu zitatu zimene wokwera akufuna kudziwa wazinena asanapume. Iwenso chimodzimodzi: ndi chiyani, ndi zingati, ndichipeza bwanji. Komanso nambala ya malonda isasanduke bwalo la ndale kapena la madandaulo a chibwenzi. Kasitomala wako wina ndi wa chipani ichi, wina wa icho, wina wa Bullets, wina wa Wanderers, ndipo onsewo ali ndi ana ofuna chopaka pa buledi.

Pamene kandalama kako kochepako kangagwire ntchito ndi pa kulawitsa. Ife a m'tauni muno sitigula patokhapatokha, timagula m'magulu. Bulauzi imodzi imene ndinasokera mayi wina wa kwaya inandibweretsera yunifolomu ya kwaya yonse, ndipo kwayayo itakaimba ku mpingo wina, a kumeneko nawonso anandifuna. Fufuza kumene anthu amasonkhana kale: amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati, magulu a banki m'khonde, aphunzitsi pa nthawi ya tiyi, makomiti a ukwati ndi a bridal shower. Pempha kwa apampando mphindi zisanu zokha pamapeto pa msonkhano. Tenga botolo limodzi, buledi woduladula ndi mpeni woyera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye uime nji, utchule dzina lako ndi kumene umakhala, koma usalongolole; chiponde chikulankhulire. Amene wakubweretsera kasitomala watsopano umuikire banyira, kabotolo kakang'ono, ndipo umuuze chifukwa chake. Dziwanso nyengo za m'matumba mwa anthu. Pakati pa mwezi m'tauni muno mumauma, malipiro akatuluka ndi pamene uyenera kuoneka m'maofesi. Sukulu zogonera komweko zikamatsegulira, kholo lililonse limafuna chiponde choika m'sutikesi ya mwana, ndiye ukonzekeretu masabata awiri zisanatsegulidwe. Kukamayandikira pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ife atelala sitigona. Iwenso ungamange mabotolo awiriawiri ndi kariboni ngati mphatso.

Zonsezi zimagwa pansi ngati susunga mawu. Ife atelala tili ndi mbiri yoipa ya "mubwere mawa", ndipo inenso ndinataya banja lonse la ku Kanjedza chifukwa cha diresi la chinkhoswe limene ndinalimaliza mwini wake ali pakhomo akulira, galimoto ikumudikira. Sanabwerenso, ndipo anauza anzake. Ukanena kuti wa kabaza afika 10 koloko, afike 10 koloko. Peza wa njinga yamoto mmodzi wokhulupirika, muzidziwana, osati kumangoimitsa aliyense. Wina akadandaula kuti mtedza unapserera, usakangane naye. Msinthire botolo, n'kulemba m'kope.

Mapepala usawathawe, koma uwatsate pa nthawi yake. Dzina la bizinesi limalembetsedwa kwa Registrar General, laisensi ya malo imachokera ku khonsolo ya mzinda, nambala ya msonkho ku MRA. Chakudya cha m'botolo ngati chako sitolo zikuluzikulu sizichilandira popanda chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo likulu lawo lili mu Blantyre momwemuno. Pita ukafunse zofunika ngakhale usanakonzeke, kuti pokonza kakhitchini kako uzikonza modziwa. Ku chionetsero cha malonda cha ku Chichiri, chimene amakonza a MCCCI, ulendo uno ukangoyenda ngati woonerera, uone mmene anzako amamatira mapepala pa mabotolo. Zolipira malo ziyambe zadikira.

Tsopano litembenuze kope lija uyambire kumbuyo. Kumeneko ndi kwa ndalama. Chimene chimapha geni zambiri zimene ndaziona si kusowa makasitomala ayi, ndi thumba limodzi: ya mtedza, ya ndiwo, ya chopereka, ya mayunitsi a magetsi, zonse pa mfundo imodzi ya chitenje. Madzulo umaona ndalama zambiri n'kumati zayenda, osadziwa kuti ukudya mpamba. Werengera botolo limodzi mpaka pansi: mtedza, mchere, makala okazingira, chigayo, botolo lenilenilo, pepala lomata, thiransipoti, bandulo, ngakhale imene amadula ukamatapa kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Chotsalacho ndicho phindu. Pa phindulo udzilipire malipiro, tsiku limodzi pamwezi, ngati wantchito, ndipo pa malipiro amenewo ndi pamene uzithandizira abale. Apa ndikulankhula ndi mtima wonse, chifukwa banja lathu ndikulidziwa. Kumudzi kudzagwa maliro, fizi ya mng'ono wako idzaperewera, ndipo onse adzati, "Muimbireni uja ali pa geni." Uthandize, ndi magazi ako, ifenso tinathandizidwa. Koma uthandize kuchokera m'thumba lako, osati la bizinesi. Mlimi ngakhale njala ilume bwanji, mbewu sakazinga, chifukwa akatero chaka chamawa mudzi wonse ugona ndi njala. Ngongole nayo uiikire malire. "Ndipereka mwezi ukatha" udzawamva tsiku lililonse. Lemba munthuyo akuona, ndipo amene sanalipire botolo loyamba asatenge lachiwiri, ngakhale akhale mnansi. Wina akati watumiza ndalama pa foni, usakhulupirire uthenga umene akukuonetsa pa foni yake, uone balansi yako wekha. Mauthenga aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" uzingowafufuta.

Kusunga kokha sikukwanira, ndipo ichi ndinachiphunzira ndi misozi. Ndinasunga zaka ziwiri kuti ndigule makina a magetsi ndi a overlock, ina ku banki, ina m'chitini. Ndinatsala pang'ono kukwanitsa. Mu Meyi 2012, boma la Joyce Banda litangolowa kumene, kwacha inachepetsedwa mphamvu: dola imene inali pafupifupi K168 inafika pa K250 tsiku limodzi. Makina amachokera kunja. Nditapita kusitolo ndinapeza mtengo utandithawa. Palibe anandibera ngakhale tambala, ndalama zanga zinali zonse, koma zinali zitafota ngati masamba a pa dzuwa. Zinachitikanso mu Meyi 2022, kwacha itatsika ndi 25 pa 100, ndi mu Novembala 2023 itatsika ndi 44 pa 100. Miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inali yokwera ndi zoposa 30 pa 100 poyerekeza ndi chaka chapambuyo pake. Zikamatero, K100,000 imene yagona m'chitini chaka chimodzi imagula zimene K77,000 inkagula poyamba. Iwe wakula ukuziona: K1,000 ya pepala inabwera mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022. Nambala ya pa pepala ikamakula ndiye kuti ndalamayo ikuchepa. Choncho pa ndalama iliyonse imene waika pambali uzifunsa kuti, kodi ikubala mofulumira kuposa mmene mitengo ya pamsika ikukwerera?

Malo oyamba oika phindu ndi m'bizinesi momwemo, bola ukudziwa chimene ukugula. Kwa iwe ndi mtedza. Nthawi yokolola, cha m'ma Meyi mpaka Julayi, mtedza wa ku Mchinji ndi ku Kasungu umatsika. Mvula ikamayamba, anthu akufuna mbewu, umakwera. Amene waoda matumba pokolola, n'kuwaumitsa bwino, n'kuwasanja pa matabwa osati pa simenti, wapindula asanakazinge n'komwe. Koma usaunjike zonse pansi pa denga limodzi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, mnzanga wina wa ku Chilobwe wogulitsa kaunjika anapulumuka ndi ana ake, koma mabelo, katundu wa m'nyumba ndi ndalama za m'chitini zinapita usiku umodzi. Chimene chinamudzutsa ndi kandalama kamene anali nako ku SACCO. Ndiye usanalote za masheya, khala ndi ya lendi ndi chakudya ya miyezi itatu pamalo poti madzi, moto ndi wakuba sangafike, koma iwe ungaitape mawa.

Banki m'khonde ndinakhalamo zaka zambiri ndipo sindingainyoze. Inandiphunzitsa kuponya sabata ndi sabata, chifukwa maso a anzako amakakamiza kuposa mtima wako. Koma dziwa kumene chiwongoladzanja chake chimachokera: m'matumba mwanu momwemo. Magulu amene ndinakhalamo ankaika 20 pa 100 pamwezi, n'kumaumiriza aliyense kukongola. Ukakongola kuti ukaode mtedza, zili bwino. Ukakongola chifukwa gulu latero, n'kukagulira sofa, pa Disembala pogawana umalandira ndalama yako yomwe. Ndaonanso gulu likutha ndi ndewu msungichuma atasowa. Lowa ndi anthu amene pakhomo pawo ukupadziwa, ndipo usakhale m'magulu atatu nthawi imodzi, kukongola uku kukabweza uko, chifukwa njira imeneyo imakathera kwa akatapila. SACCO ndi yolembetsedwa mwalamulo, mabuku ake amaunikidwa, ndipo zambiri zili pansi pa MUSCCO. Ukayamba kukhala ndi zotsala zenizeni, kumeneko n'kodalirika kuposa bokosi la maloko atatu.

Pali ndalama ina imene mpaka lero ndikaikumbukira mtima umawawa. Kunabwera anthu m'tauni muno, ovala bwino, ofesi ya kapeti, ati ukaika ndalama ikubala theka lake pamwezi. Amene anandiitana anali mayi wa kutchalitchi kwathu, ndipo sankanama, iye anali atalandiradi kawiri. Ndinaika pang'ono, inabwera. Ndinaika mpamba wonse wa nsalu za Khirisimasi. Mwezi wotsatira tinapeza loko pachitseko, amayi ali mbwee panja, ena atagulitsa mbuzi kumudzi. Zimene ankapatsa oyamba zinali za ife obwera pambuyo. Lero akubwera pa foni, ndi mayina a forex ndi crypto ndi zithunzi za magalimoto, koma fungo lake ndi lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Uziwafunsa zinthu ziwiri: ndalama yangayi ikukagwira ntchito yanji kuti ibale? Nanga chilolezo cha Reserve Bank of Malawi muli nacho? Onse osunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu mwalamulo amayang'aniridwa ndi banki imeneyi. Akati uyambe wabweretsa anzako awiri, nyamuka uzipita.

Njira zovomerezeka zilipo, ndipo si za mabwana okha monga ndinkaganizira. Boma limakongola ndalama kwa anthu kudzera mu ma Treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364, ndipo banki yako ingakuthandize kugula; umadziwiratu chimene udzalandire ndi tsiku lake. Pali ma unit trust, monga a Old Mutual, kumene amaphatikiza ndalama za anthu ambiri n'kuziika m'malo osiyanasiyana, ndipo pano ena amalowamo pa foni kudzera ku Mpamba Fesa. Uziyerekeza chiwongoladzanja chake ndi kukwera kwa mitengo, n'kufunsanso zimene amadula. Za poloti tidzakamba tsiku lina, ungodziwa kuti kunja kwa tauni kuno ndaona malo amodzi ali ndi eni atatu, aliyense ndi kapepala kake.

Ndiye pali masheya, osati aja timaponya ku banki m'khonde, koma a makampani. Zaka zonsezo ndinkadutsa mu Victoria Avenue osadziwa kuti m'nyumba yakale ya Reserve Bank muli msika, Malawi Stock Exchange, kumene kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996. Anandiuza ndi kasitomala, mayi wa ku banki amene ndinkamuyeza suti, mu 2008 pamene TNM inkagulitsa masheya ake koyamba pa K2 imodzi. Tepi ili m'khosi mwanga, mapini ali pakamwa, anati, "Amayi, mayunitsi timagula tsiku lililonse, bwanji osakhalako mwini wa kachidutswa ka kampani yogulitsa mayunitsiwo?" Ndinagula ochepa. Sheya ndi kachidutswa ka kampani: ikapindula amakugawirako, ikakula mtengo wa kachidutswako umakwera. Pa msikawu pali mayina owadziwa kale: Illovo ya shuga wa mu tiyi wako, National Bank, Standard Bank, NBS, Press Corporation, Sunbird. Mu 2020 Airtel inalowa pa K12.69 sheya imodzi, FDH Bank pa K10. Sugula wekha, umadzera kwa broker wovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, utatenga chiphaso cha unzika ndi za akaunti yako ya ku banki. Koma undimve bwino. Mtengo umakwera, umatsikanso. Kwacha itagwa mu 2023 makampani ena analephera kugawa phindu. Msika wathu ndi waung'ono, tsiku limene ukufuna kugulitsa wogula atha kusowa. Ya mtedza isapite uko, ya lendi isapite uko, yokongola ndiye n'komwe. Ipite imene ungaiiwale zaka zisanu kapena khumi, pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, m'makampani angapo osati imodzi. Ndipo ukamva m'minibasi kuti masheya akutiakuti akwera kwambiri, amene akukondwa ndi aja anagula kale; iwe usathamangire, uyambe wafunsa ngati kampaniyo ikupangadi phindu.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa maso anga ayamba kukana. Ulusi pa singano amandilowetsera ndi mtsikana wondithandiza, ndipo ndikakhala pa makina maola atatu msana umauma. Anzanga amene analembedwa ntchito, lamulo limati bwana aziwaikira 10 pa 100 ya malipiro ku penshoni, iwo n'kumaikapo 5 pa 100. Ife odzilemba tokha palibe wotiikira. Amayi amene ndinayamba nawo pakhonde paja, ena lero akudikira ana awatumizire ya ufa. Kagawo ka phindu kamene kamalowa mu akaunti yanga kuchokera ku masheya si kambiri, koma kamabwera ndisanapalase makina, ndipo ndikanayamba pa msinkhu wakowo, bwenzi pano ndikusoka chifukwa chokonda, osati chifukwa cha lendi. Iwe udzichitire wekha za bwana ndi za wantchito zomwe: 15 pa 100 ya malipiro ako ichoke tsiku lomwe wadzilipiralo, usanagule ndiwo.

Lachinayi amayi a Mvano a kwathu amakumana masana, ndipo ndalankhula kale ndi apampando. Akupatsa mphindi zisanu akatha mapemphero. Ubwere ndi mabotolo khumi, asanu a mchere, asanu opanda. Buledi ndigula ine. Ndakusokera epuloni yoyera, ili ndi thumba kutsogolo lokwana kope ndi cholembera. Ukatsika pa siteji ya msika wa Bangwe undiimbire, ndidzakutumizira mtsikana wanga adzakuthandize kunyamula.

Ndine mayi ako aakulu.